Zenera la a Makiyi

Pa anthu onse ogwira ntchito ku Nyumba ya Malamulo, wodziwa aphungu kuposa wina aliyense anali munthu amene sankaloledwa n'kulowa komwe m'chipinda chawo akamakambirana. Ankatchedwa a Makiyi, poti munthu ankayamba wamva makiyi akulira m'chiuno mwawo, eni akewo n'kutulukira pambuyo. Ntchito yawo inali ya pakhomo: kutsekula chitseko chachikulu m'mawa, kuchitseka aphungu akaweruka, ndi kuliza belu nthawi ya voti. Anali bambo wamtali, wowonda, wa maso okhala ngati angodzuka kumene, ndipo jekete lawo lakuda linali litafiira m'mapewa ndi ukalamba. Pakhomo limenelo anaimapo zaka makumi atatu.

Anafika kunyumbako ali ndi ndevu zowerengeka, kudzakolopa. Kukolopako n'kumene kunawaphunzitsa kumvetsera, chifukwa munthu wogwada ndi chikolopa saoneka. Aphungu ankaima pamutu pawo n'kumakhuthula za kukhosi ngati aima pafupi ndi ndowa. Wina amene m'chipinda anali atangolumbira kuti amafera osauka ankatulukira m'kolido n'kumadandaula kuti osaukawo amunyansa ndi kupemphapempha. Wina wooneka wouma mtima ankaima pakona n'kumafunsa dalaivala wake ngati mwana wapezako bwino. A Makiyi ankangofinya chikolopa chawo n'kusunthira patsogolo.

Mkulu amene ankasunga khomolo atapuma pantchito, anawasiyira zinthu zitatu: makiyi, belu la mkuwa, ndi kabotolo ka mchenga. Kabotoloko kanali ka galasi, kofinyika pakati ngati chiuno cha mavu, ndipo mchenga wake woyera unkatenga mphindi zitatu kutsika kuchoka m'mwamba kufika m'munsi. Sipikala akalamula voti, a Makiyi ankakatembenuza pa kashelufu ka pambali pa chitseko n'kuyamba kuliza belu, kuti aphungu amene ali m'maofesi kapena ku tiyi athamange. Mchenga ukatha, chitseko chinkatsekedwa. Phungu wotsala panja ankatsala ndi voti yake panja pomwepo, ndipo mavoti akafanana mbali zonse, lamulo la nyumbayo linkati bilu yagwa.

Kachipinda kawo kanali pambali pa chitsekocho, kongokwana mpando umodzi, kathebulo, ketulo ndi msomali wokolekapo jekete. Koma kanali ndi zenera loyang'ana kumwamba kokhakokha, poti nyumbayo inamangidwa pamtunda. Zeneralo linali la magalasi anayi, olekanitsidwa ndi kamtengo koima ndi kena kopingasa. Pamenepo m'pamene a Makiyi ankasungira aphungu onse 60.

Phungu watsopano akabwera, ankamumvetsera mwezi wathunthu, kenako n'kulemba dzina lake pa kapepala kakang'ono ngati chikhadabo, n'kukamata pazenera ndi sopo wonyowa. Ankati phungu aliyense, kaya wavala suti yochititsa kaso bwanji, amayankha mafunso awiri okha. Loyamba ndi la m'thumba: kodi chuma boma lizisonkhanitsa n'kugawira onse, kapena aliyense azisunga thukuta lake? Ogawa ankawamata kumanzere kwa kamtengo koima, osunga kumanja. Lachiwiri ndi la pakhomo: kodi anthu azikhala monga ankakhalira makolo, mlendo n'kumamuyang'ana ndi diso limodzi, kapena aliyense azikwatira, kupemphera ndi kuvala mmene wafunira? Apa a Makiyi ankabwereka mawu a ntchito yawo. Ena ankawatcha otseka, n'kuwamata m'magalasi a m'munsi. Ena otsekula, n'kuwakweza m'mwamba. Wokakamira kwambiri ankapita pakona penipeni. Wofewa ankayandikira pamtanda wapakati, pamene panali khamu la amene amadikira kaye kuona kumene anzawo alowera.

Bilu ikabwera, iwo sankavutika ndi masamba ake ambirimbiriwo. Ankangofunsa kuti ndi ya m'thumba kapena ya pakhomo, n'kuika rula pazenera, choimika kapena chogoneka, n'kuwerenga timapepala ta mbali iyi ndi ta mbali iyo. Atolankhani anazolowera kusuzumira m'kachipindako ngati odzapempha madzi akumwa.

"A Makiyi, ya misonkhoyi itha bwanji?"

"Idutsa. 34."

"Koma anduna akuti ali ndi 40."

"Anduna awerenga mipando, achimwene. Ine ndawerenga anthu."

Ndipo inkadutsadi ndi 34. Chaka china kunabwera mphunzitsi wa ku yunivesite ndi kompyuta yake, akuti akufufuza mmene aphungu amavotera. Anakhala miyezi isanu akulowetsa manambala, pomaliza makinawo n'kumujambulira mtanda wokhala ndi timadontho m'zigawo zinayi. Wina anamukokera ku kachipinda ka a Makiyi. Mphunzitsiyo anayang'ana zenera, anayang'ana kompyuta yake, n'kupempha mpando. A Makiyi anamupangira tiyi mwaulemu wonse, koma atafika kunyumba anauza akazi awo kuti pali anthu ena amene amapita kusukulu zaka makumi awiri kukaphunzira zenera la eni ake. Kunyada kumeneku anali nako ndithu, ndipo sankakuona, poti kunkakhala mwakachetechete ngati iwo omwe.

Nthawi imene ankaikonda inali ya masana, aphungu atakhuta. Mawu a zokambirana ankadutsa pachitseko chokhuthalacho atatheratu mano, akungomveka ngati mvula ya kutali. A Makiyi ankatsamira khoma, maso theka, n'kumayang'ana mitambo ikudutsa kuseri kwa timapepala tawo. Pang'ono ndi pang'ono timapepalato tinkamatuka m'maso mwawo n'kuyamba kuyandama. Ogawa ankawaona atakwera mtambo umodzi, akuunyemanyema n'kumaponyera anthu pansi mpaka iwo eni kusowa pokhala. Osunga aliyense anali atakumbatira kamtambo kake, akuyang'ana ka mnzake ndi diso la m'mbali. Otsekula ankauluka malaya ali payipayi, osadziwa kumene akupita koma akusangalala, pamene otseka anali m'munsi kukhomera zitseko pa mlengalenga wopanda makoma. Mbalame ikadutsa, inkalowa kwa ogawa n'kutulukira kwa osunga popanda wina woifunsa chipani. Ankadzidzimuka Sipikala akamenya thebulo, n'kupeza onse ali m'malo mwawo, sopo atagwira bwinobwino.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi. Ali wamng'ono ankati akaweruka kusukulu n'kudzadikira bambo ake m'kachipindamo, atakhala pathebulo, miyendo ili lendelende. Tsiku lina atawerenga timapepala tonse anafunsa kuti, "Nanga inuyo ababa, muli pagalasi liti?"

"Ine sindili pagalasi, mwanawe. Ine ndine kamtengo aka. Ndimangoima pakati, sindivota."

Mwanayo anakula, anaphunzira unamwino, ndipo kuyambira pamenepo aliyense, ngakhale mayi ake, ankangomutcha Namwino. Anapeza ntchito kutsidya kwa malire, anakwatiwa ndi mwamuna wa komweko, munthu wabwino amene a Makiyi anangomuona kamodzi. Mwamunayo anamwalira pangozi ya pamsewu mkazi wake ali woyembekezera. Khanda litabadwa, la mtsikana, dziko la kumeneko linati mwana amalembetsa ndi bambo ake, abwere bamboyo. Dziko la kuno linati mwana amatsata dziko la bambo, mayi sapatsira unzika. Kamwanako kanatsala pakati, kopanda chiphaso cha kulikonse, kosatha kuwoloka malire. Namwino akanatha kubwera yekha tsiku lililonse, koma ndi mayi uti angasiye mwana pachipata ngati katundu woletsedwa?

Zinatha zaka zisanu ndi chimodzi. Mdzukulu wawoyo a Makiyi ankangomudziwira pafoni: anamuona akukwawa, akuyenda, kenako mano awiri akutsogolo ataguluka. Chimene kamtsikanako kankakonda chinali belu. Namwino akaimba nthawi yopuma, kankalanda foni n'kunena kuti, "Agogo, lizani belu." A Makiyi ankatseka kachipinda kawo n'kuliliza pang'onopang'ono, kamodzi kokha, kuopa kuti aphungu angatuluke ku tiyi akuthamanga. Kankaseka mpaka kutsamwa, n'kulonjeza kuti kakadzabwera kadzaliliza kokha. Foni ikaduka ankakhala nthawi yaitali belu lili pamiyendo. Ankamusowa mwana amene anali asanamunyamulepo, ndipo kusowa kotereku kumapweteka moti munthu sadziwa pogwira.

Chaka cha makumi atatu cha ntchito yawo, kunabwera bilu yoti mayi nayenso azitha kupatsira mwana wake unzika. Inali ya masamba awiri okha, ndipo iyi a Makiyi anaiwerenga yonse, katatu. Inali ya pakhomo yeniyeni. Anagoneka rula pazenera n'kuwerenga a m'mwamba: 30. Anawerenga a m'munsi: 30. Anapukuta rula pa jekete, anaisuntha pang'ono, anawerenganso kuyambira kumanja. Aphungu a pamtanda wapakati anawayeza mmodzimmodzi, kukumbukira zimene aliyense ananenapo m'kolido. Yankho silinasinthe, ndipo n'lomwelo limene anauza atolankhani.

Kunyumba anapeza akazi awo akusita makatani. Mayiwo anali atayamba kale kukonza chipinda cha Namwino, atachotsamo makatoni ndi njinga yakufa, ataikamo kamatiresi kakang'ono pambali pa bedi.

"Bambo a Namwino, zenera lanu likuti bwanji?"

"Likuti afanana."

"Akafanana ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti yagwa."

Mayiwo anaimika simbi. "Kalisukeni zeneralo. Mwina ndi fumbi."

"Silinanamepo, amayi."

"Inunso simunadwalepo mano mpaka chaka chatha." Anatembenuza katani n'kupitiriza kusita. "Ine chipinda ndikonzabe. Inu kawerengeni anthu anuwo, ine ndikuwerenga mapilo."

Pakona ya m'munsi kumanja, pamene kunalibenso kotsikira, panali kapepala kachikasu kamene sikanasunthepo zaka makumi awiri ndi zisanu. Kanali ka phungu wamkulu kuposa onse, amene ankatchedwa a Chipewa chifukwa cha chipewa chawo chakuda chimene sichinkachoka kumutu, kaya kutenthe bwanji. Mkuluyu anakana chilichonse chimene chinabwera ndi fungo lachilendo. Anakana zoti masitolo azitsekula tsiku lopemphera, anakana zoti alendo azigula malo, ndipo mawu akuti Ayi ankawatchula mokoma ngati akutafuna nzimbe. Koma akafika pachitseko, pokhapo, nthawi zonse ankaima, kuvula chipewa chija, n'kuyang'ana mkati mwake kwa kanthawi milomo ikugwedera, kenako n'kulowa. A Makiyi ankadziwa kuti ndi pemphero, ndipo pempherolo linali limodzi mwa zifukwa zimene anawamatira pansi penipeni.

Maondo a a Chipewa anali atatha, ndipo ofesi yawo inali kumapeto kwa kolido. Mphindi zitatu zinasiya kuwakwanira zaka zisanu zapitazo. A Makiyi, posafuna kutsekera nkhalamba panja, anatulukira kanzeru: akamva ndodo ikugogoda patali, ankagwira kabotolo kaja ndi dzanja lamanzere n'kukapendeketsa pang'ono, ngati akukakonza, mchenga n'kuyamba kutsika mwaulesi. Nkhalambayo ikafika ankati, "Fulumirani bwana, mchenga sudikira munthu." A Chipewa ankayankha kuti, "Ndaona, a Makiyi." Onse awiri ankadziwa kuti umadikira, ndipo palibe anazitchulapo.

Masabata awiri a zokambirana za biluyo, maloto a masana a a Makiyi anasintha. Mitambo inkabwerabe, koma tsopano pansi pake pankaoneka kolido yaitali yonyezimira polishi, ndipo kumapeto kwake kamtsikana kopanda mano awiri kankabwera kakuthamanga, belu lili m'manja onse awiri. Kankathamanga, kankathamanga, koma kolidoyo inkangotalika. Ndiyeno maso awo ankatsikira pakona ya m'munsi, pa kapepala kachikasu. Akanapanda kameneko, a m'munsi akanakhala 29. Ganizolo sanaliitane, ndipo litabwera sanalithamangitse. Analisiya likhale pakhomo la mtima ngati mlendo amene sunamuuze kuti alowe koma wamupatsa mpando.

Tsiku la voti kunacha kopanda mtambo. M'mawa wonse analankhula phungu wina wachinyamata wa pagalasi la m'mwamba, amene anzake ankamutcha a Wailesi chifukwa akayamba panalibe pozimitsira. Anaikira kumbuyo biluyo ola lathunthu, anatchula amayi, anatchula ana osalakwa, mawu mpaka kunjenjemera. Nthawi ya tiyi a Makiyi anamuona ataima kuseri kwa chipilala ndi mtsogoleri wa chipani chake, mtsogoleriyo atamugwira phewa, akumunong'oneza. Anaziona ndithu, koma pazenera lawo panalibe galasi la manong'onong'o, choncho anazisiya zidutse.

Itakwana 3 koloko, Sipikala analamula voti. A Makiyi anatembenuza kabotolo n'kuyamba kuliza belu. Aphungu anatuluka m'maofesi, ena akutafuna, ena akumanga mabatani a majekete, n'kumadutsa pamaso pawo. Ankawawerenga osafuna: 40, 52, 58, 59. Kolido inayera. Kenako patali panamveka ndodo: go, go, go.

Dzanja lamanzere linanyamuka lokha, monga linazolowera, n'kufika pa kashelufu. Linakhudza galasi lozizira. Mchenga unkatsika ngati ulusi woyera, wowongoka bwino, ndipo a Makiyi anauyang'ana ngati akuuona koyamba. Belu linkalira kudzanja lamanja ngati likulizidwa ndi munthu wina. Kumapeto kwa kolido, kumene kamtsikana kaja kankatulukira m'maloto, kunkabwera nkhalamba ya chipewa chakuda, ikukoka mwendo umodzi, ikupuma ndi pakamwa. Dzanja lija linatsika n'kulowa m'thumba la jekete.

Mchenga unatha a Chipewa atatsala ndi mapazi asanu. A Makiyi anaika belu pansi, anakoka chitseko, n'kupotokola kiyi. Sanaswe lamulo lililonse. Kunena zoona, m'zaka zisanu zonsezo, ili linali tsiku lokhalo limene sanaliswe.

Nkhalambayo inafika n'kuima pamaso pa chitseko chotseka. Inayang'ana kabotolo, kenako inayang'ana a Makiyi.

"Mchenga wathamanga lero, a Makiyi."

"Wathamanga, bwana."

Anawatulutsira mpando wa m'kachipinda muja, poti ulemu anali nawobe. A Chipewa anakhala, anatsamiritsa ndodo kukhoma, anavula chipewa n'kuchiika pamaondo. Mkatimo kalaliki anayamba kuitana mayina, ndipo poti nyumba yonse inali chete, mawu ankadutsa pachitseko ali athunthu. Inde. Ayi. Ayi. Inde. A Makiyi ankatsatira ndi zala pa makiyi a m'chiuno, ndipo aliyense ankagwera pamene zenera linamuika. Mtima unayamba kukhazikika. Anaona kamatiresi kaja, anaona makatani ositidwa.

Kalaliki anaitana dzina la a Chipewa. Mkati munali zii. Analiitananso kachiwiri. Ndipo panja pano, pampando wa mlonda, nkhalambayo inawongola msana, inakonza kukhosi, n'kuyankha chitseko ndi mawu otsika koma omveka bwino.

"Inde."

A Makiyi anaganiza kuti akulota, poti nthawi yake inali yomweyo ya maloto.

"Bwana, mwati bwanji?"

A Chipewa anangotembenuza chipewa chija n'kuwaonetsa mkati mwake. Mu kansalu ka m'mphepete munali mutalowetsedwa chithunzi chakale, chofufuma ndi thukuta la zaka zambiri: mtsikana atanyamula khanda, akuseka dzuwa lili m'maso.

"Mwana wanga woyamba ameneyu. Anakwatiwa ndi wa kutsidya, ine n'kumuuza kuti asadzapondenso pakhomo panga. Anandimvera. Ana anga onse ndi ameneyu yekha anandimvera." Anasisita chithunzicho ndi chala chachikulu. "Anamwalira chaka chatha. Kakhandaka pano ndi mayi wa ana awiri, ndipo ngakhale atafuna kudzaona manda a agogo ake, malemu akazi anga, kuno ndi mlendo."

"Zaka zonsezi ine ndimati mumapemphera."

"Ndimapepesa. Lero ndimati ndipepese anthu akumva."

Manyazi anawatentha a Makiyi kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, komabe m'mutu manambala ankathamanga okha kuwatonthoza: palibe chaonongeka, 30 kwa 29, idutsabe, nkhalambayi imva pompano kuti zatheka, ndipo iwo mawa adzapendeketsa kabotolo mpaka kugoneka. Mkatimo mayina ankapitirira. Inde. Ayi. Inde. Anatsala anayi, anatsala atatu.

Kalaliki anaitana a Wailesi. Munthu amene sanasowepo mawu chibadwire anakhala chete nthawi yaitali moti kalaliki anabwereza. Kenako panamveka kamawu kakang'ono, kosayenera mwini wake: "Ine sindiponya voti."

Zina zonse a Makiyi anazimva ngati ali pansi pa madzi. Ovomera 29, okana 29. Sipikala anamenya thebulo n'kulengeza kuti bilu yagwa, ndipo monga mwa malamulo a nyumbayo, singabwerenso kufikira chisankho china chitachitika. Chisankhocho chinali kutsogolo zaka zinayi.

A Chipewa anavala chipewa chawo n'kufunafuna ndodo. A Makiyi anawapatsira.

"Ine chisankho chikubwerachi sindidzaimanso," inatero nkhalambayo. "Maondo akana. Musadandaule, a Makiyi, inu mwagwira ntchito yanu. Mwandidikira kokwanira zaka zonsezi." Inayenda mapazi awiri n'kutembenuka. "Kodi inu muli ndi ana? Sindinakufunsenipo."

"Mmodzi, bwana."

"Ali pafupi?"

"Ali kutali pang'ono."

"Muzimuimbira," anatero a Chipewa, n'kuyamba ulendo wawo wautali wa m'kolido.

A Makiyi anatsekula chitseko. Aphungu anakhuthukira panja ndi phokoso lawo, ndipo a Wailesi, mawu atabwerera onse, anali kale pakati pa atolankhani kufotokoza kuti nkhani yaikulu ngati imeneyi imafuna kufunsa kaye anthu. Mtolankhani wina anasuzumira n'kunena kuti, "Mwalasanso a Makiyi, munati afanana." Iwo anangogwedeza mutu. Zenera linali litanama kawiri, mabodza awiriwo n'kukwanirana ndendende, ndipo panalibe wina wodziwa zimenezi koma iwo okha.

Anthu atatha analowetsa mpando m'kachipinda n'kukhala. Dzuwa linali litapendeka, likuwala kuseri kwa timapepala moti mayina ankaoneka ngati alembedwa pa mlengalenga. Panalibe chimene chinayandama. Anatambasula dzanja n'kumatula kapepala kachikasu ka pakona, ndipo kanafumbutuka m'zala zawo, sopo wake atauma kalekale. Pagalasi panatsala kamalo koyera kooneka bwino.

Foni inayamba kunjenjemera pathebulo. Anaisiya. Anang'amba kapepala katsopano kukula ngati chikhadabo, analembapo dzina lawo ndi zilembo zazikulu monga ankalembera a aphungu, ananyowetsa sopo ndi madzi a mu ketulo, n'kukamata pamalo paja, pansi penipeni pa otseka. Anakakanikiza ndi chala mpaka katagwira.

Foni inasiya, kenako inayambanso. Ulendo uno anayankha. Sanali Namwino; kanali kamtsikana kaja, nkhope itadzaza galasi lonse la foni, ndipo pamene panali mpata mano atsopano anali atayamba kutuluka.

"Agogo, amayi ali ku ntchito, andisiyira foni. Akuti mwina lero atiuza zobwera. Atiuza?"

"Sanatiuze, mwanawe."

"Atiuza mawa?"

"Mawa ayi."

Kanaganiza pang'ono, kakukanda mphuno. "Ndiye lizani belu."

A Makiyi anatuluka ndi foni m'manja n'kukaima pakhomo lawo. Chitseko chachikulu chinali chikadali chotsekula, mkatimo mipando yokhayokha. Anatenga kabotolo ka mchenga n'kukagoneka cham'mbali pa kashelufu, mchenga n'kuima pomwe unali. Kenako ananyamula belu n'kuliliza ndi mphamvu zonse, monga amalizira poitana amene ali kutali, ndipo m'kolido monse munalibe amene ankabwera.